Pepala la Pansi pa Thireyi Yachitatu

Nataipi anali ndi zala zazifupi, zonenepa kunsonga, moti mayi amene ankaphunzitsa taipi atangoziona tsiku loyamba anati, "Iwe, zala zakozi n'zochapira zovala, osati zolembera." Koma pomatha miyezi isanu ndi umodzi panalibe mtsikana m'kalasi muja amene ankamupeza. Ankataipa maso ali papepala, makina osawayang'ana, ndipo munthu ukamadutsa panja unkayesa mvula yayamba kugwa padenga la malata.

Anakwatiwa ndi mwamuna wokonza njanji. Mwamunayo anabadwira kutsidya kwa malire, koma masiku amenewo malire anali chingwe chabe chimene mlonda ankachikweza akuyasamula. Sitima inkadutsa, anthu ankadutsa, palibe ankafunsa mnzake za kwawo. Anabereka mwana mmodzi, wamkazi. Posowa womusiyira, Nataipi ankapita naye kuntchito n'kumugoneka m'katoni pansi pa tebulo, ndipo kabelu ka makina kakalira kumapeto a mzere, mwanayo ankaseka. Anzake a muofesi anangomutcha Kabelu, dzina n'kukhazikika. Kabelu ali ndi zaka zitatu, bambo ake anapanikizidwa ndi mabogi awiri pa siteshoni, n'kumwalira tsiku lomwelo. Abale a mwamunayo anabwera kumaliro, anagona masiku awiri, anabwerera kwawo kutsidya, ndipo sanalembenso ngakhale kalata imodzi.

Dziko linalandira ufulu wodzilamulira Kabelu ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Mbendera inasintha, nyimbo ya fuko inasintha, koma malamulo anali adakali aja anasiya atsamunda. Ndiye boma latsopano linasankha komiti ya anthu khumi ndi awiri kuti ilembe malamulo aakulu oyendetsera dziko, n'kuipatsa miyezi itatu yokha.

Nthawi imeneyo Nataipi ankagwira ku ofesi ya zamadzi, kutaipa makalata a mipope yophulika. Lolemba lina bwana wake anamuitana.

"Ku komiti akufuna munthu wothamanga zala koma wosathamanga pakamwa. Ndawauza kuti ndi inu."

Tsiku lomwelo mlembi wa komiti anamulumbiritsa. Chilichonse chimene adzamve m'chipindamo sadzachitulutsa, ndipo pepala lililonse adzaligwira monga mmene wauzidwira. Wophwanya lumbiro, anatero mlembiyo, ntchito yake yatha ndipo ndende ikumudikira.

Komiti inkakumana m'chipinda chapamwamba cha nyumba yakale ya boma, moyang'anana ndi positi ofesi. Munali tebulo lalitali loyalidwa nsalu yobiriwira, mipando yosafanana, ndi fani yakudenga imene inkalira ngati kamwana ka mbuzi. Katebulo ka Nataipi kanali pafupi ndi chitseko, pambali pa kabati yachitsulo. Mamembala onse anali amuna. Panalinso loya wochokera kunja, wamtali, wofiira m'khosi chifukwa cha kutentha, amene anabwera ndi malamulo olembalemba kale m'chikwama, ambiri mwa iwo ongokopera kwa atsamunda aja.

Ntchito ankaigwira motere. Ndime iliyonse inkataipidwa papepala lakelake. Pamwamba pa pepala pankakhala mawu a loya. Ngati membala wina wapempha kuti mawuwo asinthidwe, mawu akewo ankakhala m'munsi, pakati pali mzere. Patsogolo pa wapampando panali mathireyi atatu a waya. Yoyamba inali ya Zalero, ndipo ankaidzaza ndi Nataipi m'mawa uliwonse anthu asanafike. Wapampando ankatenga pepala lapamwamba n'kuliwerenga, anthu kukambirana, kenako kukweza manja. Mbali yogonja ankaikhwatcha ndi pensulo yofiira, pepala n'kupita m'thireyi yachiwiri, ya Zatha, ndipo cholowa m'menemo sichinkabwereranso patebulo. Koma mkangano ukapitirira theka la ola, wapampando ankagogoda tebulo n'kunena kuti, "Idikire," pepala n'kugwera m'thireyi yachitatu. Zodikirazo ankazibwerera Lachisanu masana okha, kuyambira pamwamba, mpaka nthawi yoweruka.

Amene ankacheza ndi Nataipi m'nyumba yonse ija anali bambo wophika tiyi, wachikulire, wa mano owerengeka, amene onse ankamutcha a Ketulo.

"Mayi, lero mwabereka malamulo angati?"

"Asanu ndi atatu."

"Amoyo?"

"Atatu. Enawo agonekedwa m'chipatala," anatero Nataipi akuloza thireyi yachitatu ndi chibwano.

"Imeneyo si chipatala, mayi, ndi mochale. Chiyambire ine sindinaonemo pepala likutuluka ndi miyendo yake."

Munthu wa taipi weniweni sawerenga zimene akutaipa. Mawu amalowa m'maso n'kutulukira kuzala osaima m'mutu. Nataipi anataipa za makhoti, za asilikali, za misonkho, zonse zinangodutsa ngati madzi mumpope. Koma sabata yachisanu, Lachiwiri masana, pepala lina linamuimitsa zala. Linali la unzika. Pamwamba loya analemba kuti mwana adzakhala nzika ya dziko lino ngati bambo ake ali nzika ya dziko lino. M'munsi munali mawu a membala wina, a Hedi, mkulu amene anapuma pantchito ya uhedimasitala: mwana aliyense wobadwira m'dziko lino, amene bambo ake kapena mayi ake ali nzika, adzakhala nzika.

Anawerenga kawiri. Kachitatu anawerenga akuika Kabelu m'malo mwa mawu akuti mwana. Zapamwamba zikadutsa, Kabelu ndi mlendo m'chipinda chimene anabadwiramo.

Ataweruka anapeza mwanayo atagona chafufumimba pasimenti akulemba masamu. Ankakhala m'chipinda chimodzi kuseri kwa shopu yokonzera njinga, moti fungo la mphira silinkachoka m'makatani.

"Amayi, aphunzitsi akuti dziko lino tsopano ndi lathu tonse. Ndiye mbali yanga ndi iti?"

"Pamene wagonapo pomwepo. Dzuka upasese."

Kabelu anaseka n'kukatenga tsache. Nataipi anakhala pabedi nsapato osavula. Sakanauza mnansi, sakanauza abusa, sakanauza ngakhale mchemwali wake, chifukwa cha lumbiro lija.

Chiyembekezo chake chonse chinali pa a Hedi. Anali mkulu wowonda, wa chifuwa chosatha, koma akaimirira kulankhula ngakhale loya ankasiya kupukuta thukuta. Anaphunzitsa ana ambiri a anthu a njanji ndipo ankawadziwa mayina. Choopsa chinali membala wina, mwini mabasi, wa mawu ngati hutala, amene anzake ankamuitana a Mabasi. Lachitatu pa nthawi ya tiyi Nataipi anawamva akuuza anzawo atatu pafupi ndi zenera.

"Ana a alendowa tikawatsegulira chitseko, mawa adzatilanda mipando. Mwana ndi wa bambo. Azitsata atate awo."

Atatuwo anagwedeza mitu makapu ali kukamwa. Ndipo tsiku lomwelo mpando wa a Hedi unali wopanda munthu. A Ketulo ananong'oneza kuti chifuwa chija chawagwetsa, awatengera kuchipatala.

Pepala la unzika linali la Lachinayi. M'mawa mwake Nataipi anafika asanatsegule positi ofesi, monga mwa masiku onse, n'kuyamba kusanja mapepala m'thireyi ya Zalero. Lake lija linali lachinayi kuchokera pamwamba. Anaima nalo m'manja akuwerengera m'mutu. A Mabasi ndi anzawo atatu, anayi. Enawo amatsata amene wakuwa kwambiri. Woimira mawu a m'munsi palibe. Pensulo yofiira ikangodutsa, basi, nkhani yatha mpaka kalekale.

Anayang'ana kuchitseko. Ananyamula mulu wa m'thireyi yachitatu, anaika pepalalo pansi penipeni, n'kubwezeretsa muluwo. Mumtima ankati, likhale kaye apa, a Hedi akatuluka m'chipatala ndidzalibwezera ku Zalero. Mapepala am'mawa palibe ankawerenga kuti alipo angati.

A Ketulo analowa ndi makapu nthawi yomweyo.

"Mayi, mwaona njoka? Manja akunjenjemera bwanji?"

"Ndi mphepo yam'mawa."

"Mphepo mwezi uno?" anatero a Ketulo, koma sanafunsenso.

Mamembala anafika mmodzimmodzi. Nthawi inakwana, mpando wa a Mabasi uli wopanda munthu. Kunabwera uthenga wakuti basi yawo ina yagwera m'ngalande kutali, ndipo apita kukaona. Anzawo atatu aja, posowa wowatsogolera, anangokhala ngati nkhuku zonyowa. Wapampando dzino linkamuwawa, tsaya litatupa, ndipo ankafuna kukaonana ndi dokotala masana.

"Tisatalikitse lero, abale. Pali wotsutsa za m'munsi? Palibe. Zadutsa."

Pensulo inakhwatcha mawu a loya. Pepala lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu chimodzimodzi. Lachinayi, limene linalowa m'malo mwa lija, linali lonena za amene azisunga chidindo cha boma, ndipo nalonso za m'munsi zinadutsa popanda wotsokomola. Pofika nthawi ya chakudya mapepala khumi ndi anayi anali m'thireyi ya Zatha, onse atakhwatchidwa pamwamba. Chiyambire komiti sikunakhalepo tsiku lofewa ngati limenelo.

Nataipi anakhala pakatebulo kake manja ali pamiyendo. Thireyi yachitatu inali pamaso pake penipeni, koma anthu anali m'chipindamo tsiku lonse, ndipo mlembi anatseka yekha poweruka. Anadzilimbitsa mtima kuti mawa m'mawa alibwezera, mwina a Mabasi adzakhala adakali ndi basi yawo.

Mawa lake anapeza wapolisi pamasitepe. Nyuzipepala ya tsikulo inasindikiza patsamba loyamba ndime yonse ya mphamvu za mtsogoleri wa dziko, imene inali m'zodikira, mawu ndi mawu. Amene anaitulutsa sanadziwike mpaka lero. Mlembi anafunsa aliyense payekhapayekha, kuyambira wosesa mpaka woyendetsa galimoto ya loya. Nataipi anamufunsa kawiri.

"Mayi, thireyi imeneyi munaikhudzapo?"

"Ine ndimadzaza ya Zalero, bwana."

Kuyambira tsiku limenelo mapepala onse a m'thireyi yachitatu anapatsidwa manambala, analembedwa pamndandanda, ndipo thireyiyo inatsekeredwa m'kabati yachitsulo. Kiyi ankakhala palamba wa mlembi. Thireyiyo ankaitulutsa yekha Lachisanu masana n'kuibwezera yekha. Kabatiyo inali pambali pa katebulo ka Nataipi, moti akatambasula dzanja ankaikhudza. Masiku ena ankapezeka wayedzamira mutu pachitsulocho osadziwa.

A Hedi anabwerera patatha masabata awiri, jekete ikuwalendewera. Nataipi anawadikira pamasitepe nthawi ya chakudya, pamene wapolisi anapita kukagula fodya.

"Bambo, pepani. Ndime yanu ija ya ana."

"Inadutsa?"

"Ili m'zodikira."

"Anaikangana ine kulibe?"

Nataipi anayang'ana nsapato zake. A Hedi anagwira chitsulo cha masitepe, anapuma kaye, n'kumuyang'ana ngati mmene ankayang'anira mwana amene wabwera opanda homuweki.

"Muli ndi mwana, mayi?"

"Mmodzi. Bambo ake anali a kutsidya. Anamwalira pa njanji."

"Ali kalasi yanji?"

"Yachiwiri. Masamu amakhoza."

"Chabwino. Ndiyesa. Koma mukundiona mmene ndililimu."

Lachisanu mlembi atatulutsa thireyi, a Hedi anakweza dzanja n'kupempha kuti ndime ya unzika wa ana ikambidwe msanga, popeza ikukhudza anthu amene sangadzilankhulire okha. Mlembi anayendetsa chala pamndandanda.

"Ilipo, yapansi penipeni. Chodabwitsa n'chakuti m'maminitsi sindikuona tsiku limene tinaikamba."

Nataipi anakhalabe pampando wake. Akanaimirira n'kunena kuti ndine ndinaliika, silinakambidwepo, mwina likanabwerera ku Zalero. Koma munthu wovomera kuti anagwira thireyi imeneyo ndiye yemweyo amene wapolisi wapamasitepe ankamufuna. Za nyuzipepala zikanagwera iye. Ndiye Kabelu akanatsala ndi ndani m'chipinda chija? Komanso a Mabasi anali pampando wawo tsopano, manja atapinda pamimba. Nataipi anayamba kukonza riboni ya makina imene inalibe vuto.

"Ngati ili m'menemo ndiye kuti tinaiikamo," anatero wapampando. "Sitidumpha mzere. Ndikakulolani inu a Hedi, aliyense afuna yake ikhale yoyamba."

"Ngakhale pa basi, a Hedi," anatero a Mabasi, "sitikweza wakumbuyo chifukwa chakuti amatsokomola."

Anthu anaseka. A Hedi anakhala pansi.

Chotsala chinali kudikira. Lachisanu lililonse ankachotsa mapepala awiri, zikayenda bwino atatu. Koma mkati mwa sabata ankaponyamo asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo atsopanowo ankakhala pamwamba. Anakangana masiku atatu za chigawo chimene chikhale ndi aphungu ambiri. Anakangana za amene angachotse woweruza. Tsiku lina membala wina anatuluka atamenyetsa chitseko, anzake n'kutha ola lathunthu akumunyengerera pamasitepe. Nataipi ankayang'ana mulu uja mlembi akamaunyamula, n'kumauyeza ndi maso ngati mmene mayi amayezera ufa wotsala m'thumba, kungoti uwu m'malo mochepa unkakula. A Hedi anapemphanso kawiri. Kachiwiriko wapampando anangoloza wotchi.

Kunyumba Nataipi anayamba kukalipira mwana pa zinthu zopanda pake, supuni yogwa, sokosi yosowa inzake. Kenako ankamukumbatira mpaka mwanayo kunena kuti, "Amayi, mukundipweteka."

Tsiku lomaliza linafika. Nyumba ya malamulo inali itaitanidwa kale, ndipo galimoto ya osindikiza inaima pansi kuyambira m'mawa, dalaivala atagona miyendo ili pazenera. M'thireyi yachitatu munali mapepala makumi atatu ndi limodzi. Loya anaimirira n'kunena kuti kumayiko ena kumene anagwirako ntchito yotere, zotsala zonse zimangotenga mawu apamwamba, popeza ndi mawu oyesedwa kale, ndipo nyumba ya malamulo ingadzasinthe m'tsogolo ikafuna.

A Hedi anaimirira atagwira tebulo.

"Bambo wapampando, m'mulumo muli ana. Tiwerengeko limodzi lokha, lapansilo. Mphindi zisanu."

"M'mulumo muli zofuna za aliyense, a Hedi. Zanganso zilimo zitatu. Tikweze manja."

Manja asanu ndi anayi anakwera. Otsutsa anali awiri, a Hedi ndi m'busa wina amene ankafuna ndime yake ya Sabata. Wapampando sanavutike n'kukhwatcha. Anangokankhira mulu wonse kwa mlembi, mlembi n'kuuika pakatebulo ka Nataipi.

"Zapamwamba zokha, mayi. Makope asanu ndi limodzi. Tithamange."

Mamembala anatsika kukajambulitsa pamasitepe akunja. Nataipi anataipa kuyambira pepala lapamwamba, dzuwa likulowa pazenera mpaka kufika pamiyendo ya tebulo. Lililonse akamaliza, mlembi ankaliwerenga mokweza, loya akutsatira ndi chala pa lakale. Cha m'ma folo koloko anafika pa lapansi. Linali ndi kakona kopindika, pamene iye mwini analigwira m'mawa uja.

Anasanja mapepala ndi makaboni, anapiringiza, n'kutaipa za m'munsi. Anapereka kwa mlembi, maso ali pamakina.

Mlembi anayamba kuwerenga, anafika pakati, n'kuima. Loya anali atakweza kale mutu.

"Mayi, mwatopa. Apa mwakopera za m'munsi." Mlembiyo analankhula mwachifundo, ngati munthu wouza mnzake kuti nsalu yamasuka. "Musadandaule. Miyezi itatu yonseyi aka n'koyamba kulakwitsa. Bwerezani, galimoto ikudikira."

Anang'amba makope onse n'kuponya m'basiketi.

Nataipi anasanjanso mapepala asanu ndi limodzi, makaboni asanu. Mwana adzakhala nzika ya dziko lino ngati bambo ake ali nzika ya dziko lino. Kumapeto a mzere kabelu kanalira. Anakankha chogwirira n'kumaliza.

Anthu onse atatuluka, a Ketulo anamubweretsera tiyi m'kapu ya wapampando, ya mkombero wagolide.

"Imwani. Ndathira shuga wa akuluakulu." Anakhala pampando wa a Mabasi, chinthu chimene sanachitepo. "M'mawa uja ine ndinaona, mayi. Ndinkati ndinene kuti bwezerani, koma ndinati kaya, mwina amene amadziwa kuwerenga akudziwa chimene akuchita."

"Sindinkadziwa, bambo."

"Ngakhale awo a matayiwo sakudziwa. Imwani, azizira."

Nataipi anabwerera ku ofesi ya zamadzi. Kwa zaka zingapo palibe chinachitika, moti nthawi zina ankadziuza kuti mwina malamulo ndi mapepala chabe, amakhala m'makabati. A Hedi anamwalira chaka chachiwiri. Kabelu anakula, wamtali ngati bambo ake, ndipo pa mayeso omaliza a pulayimale anaposa ana onse a pasukulu pawo. Anasankhidwa kupita kusekondale ya boma. Pa kalata yomuitana panali mndandanda wa zofunika: bulangeti, ndowa, madiresi awiri, ndi chiphaso cha unzika.

Anapita onse awiri ku ofesi yoona za olowa ndi otuluka. Kalaliki wa pazenera anayang'ana kalata yobadwira, anafika pa dzina la bambo ndi kumene anabadwira, n'kutsegula kabuku kobiriwira.

"Mayi, si ine, ndi lamulo. Likuti mwana adzakhala nzika ya dziko lino..."

"Ngati bambo ake ali nzika ya dziko lino," anamaliza Nataipi.

"Mukulidziwa? Ndiye mwabwereranji?"

Anawauza kuti akayese kwawo kwa bambo. Anakwera sitima n'kuwoloka malire, pamene tsopano panali geti lachitsulo ndi asilikali. Kumeneko anawauza kuti dzina la mwamunayo mulibe m'mabuku awo, popeza anabadwira kumudzi nthawi imene ana sankalembedwa, ndipo abale ake anasamuka kalekale. Anabwerera ndi sitima yomweyo, Kabelu atatsamira pazenera. Malo ake kusekondale anapatsidwa kwa wina. Ndowa imene anagula inakhala yotungira madzi.

Chimene boma linamupatsa chinali chiphaso chachikasu cha mlendo, chokadinditsa chaka ndi chaka. Ndi chiphaso chimenecho ntchito ya boma sakanaiona, kuvota sakanavota. Nataipi anafuna kumuphunzitsa taipi, koma Kabelu anati phokoso lake limamupweteka mutu. Anaphunzira kusoka, ndipo kwa zaka zambiri ankasoka mayunifolomu a sekondale yomwe ija. Mwamuna wake anamupeza pamzere wodinditsa chiphaso, mnyamata wopala matabwa amene bambo ake nawonso anali a kutsidya. Ankaseka okha kuti anadziwana pamzere, anatomerana pamzere, ndipo ana awo adzabadwira pamzere. Anabereka atatu, onse achikasu.

Chaka chilichonse Nataipi ankataipa kalata yopita kunyumba ya malamulo yopempha kuti ndime ija isinthidwe, yoyera bwino, yopanda chofufuta ngakhale chimodzi. Kawiri anayankhidwa kuti nkhaniyo ikuunikidwa. Atapuma pantchito, ofesi inamupatsa makina ake akale amene ankafuna kuwataya. Anaika katebulo pakhonde la sitolo yoyang'anana ndi ofesi ya ziphaso ija, n'kumadzazira anthu mafomu. Ambiri mwa iwo anali a chiphaso chachikasu. Pafomu pali kabokosi kofunsa kuti ndinu nzika ya dziko liti. Pamenepo ankangotaipa timizere titatu, ndipo makalaliki anazolowera.

Patatha zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi chilembedwereni malamulo aja, wailesi inalengeza kuti ndime ija yasinthidwa, tsopano mwana angatenge unzika kwa mayi ake. Nataipi anatseka makina, anagula nyuzipepala, anavala magalasi n'kuwerenga ataima pamsewu. Mawu ake anali pafupifupi a a Hedi aja. Koma m'munsi mwake munali mzere wina, wakuti lamuloli likukhudza ana obadwa kuyambira tsiku limene lasainidwa. Anapinda nyuzipepalayo n'kuyalira pansi pa makina kuti asamagwedere.

Mwezi wodinditsa utafika, Kabelu anabwera pakhonde paja ndi ziphaso zisanu m'kathumba ka pulasitiki. Anali mayi wa imvi zoyambirira, tepi yoyezera ili m'khosi. Anakhala pabenchi amayi ake akudzaza mafomu. Zala zija zinali zitauma, zinkagunda kamodzikamodzi ngati madontho a mpope wosatseka bwino. Atafika pa kabokosi kaja, Nataipi anaima. Ndipo pomwepo, magalimoto akudutsa, anamuuza zonse: mathireyi atatu, m'mawa wa Lachinayi, basi ya m'ngalande, kabati yachitsulo, ndi mmene anatsekera pakamwa tsiku limene mlembi anafunsa.

Kabelu anamvetsera akupinda ndi kupindula tepi yake.

"Ndiye mukanalisiya pamwamba, bwenzi litadutsa?"

"Tsiku limenelo zonse zinadutsa."

"Koma limenelo mwina wina akanadzuka."

"Mwina."

"Ndiye simukudziwa."

"Sindikudziwa, mwanawe. Zaka zonsezi ndakhala ndikuwerenga manja awo m'mutu. Tsiku lina amakwana, tsiku lina sakwana."

Kabelu anayang'ana kutsidya kwa msewu. Mlonda anali atatsegula geti, ndipo mzere unayamba kusuntha pang'onopang'ono m'mphepete mwa khoma.

"Malizani, amayi. Tikachedwa atiuza kuti tibwere mawa, ndipo ine ndili ndi madiresi a anthu."

Nataipi anataipa timizere titatu, anatulutsa fomu, n'kulowetsa ya mdzukulu wake woyamba.